ZA M'BANJA MWATHU: Titsikire ku Linga ndi Ana Athu

Chaka chilichonse mvula ikakata ndipo miseu ikauma, pa mseu wa m'mbali mwa nyanja, uja wochokera ku Salima kupita ku Nkhata Bay, pamayamba kuoneka galimoto zachilendo. Kunja kwake zimakhala ngati kalole kotsekedwa, koma m'kati mwake muli bedi, mbaula, thanki ya madzi ndi kabati ya ziŵiya; zina zimanyamula hema padenga. Eni ake amachokera ku South Africa, ku Germany ndi ku maiko ena akutali, ndipo ambiri ndi achikulire amene anapuma pa ntchito. Pamene dzuŵa lawaloŵera, pomwepo ndiye pamudzi pawo. Ana athu amazitcha nyumba zoyenda, ndipo salakwa.

Chotidabwitsa ife si galimotozo ai, koma mafunso a eni ake. Akafika ku Nkhotakota sayamba ndi mtengo wa mpunga kapena wa chambo. Amafunsa kumene kuli mkuyu wa Livingstone, kumene kunali doko la Jumbe, ndi kumene anagona Bishopu Maples. Munthu wathera mafuta a ndalama zochuluka kuti adzaime kanthaŵi pansi pa mtengo wokalamba. Pamene zili tero, ana ambiri a kwathu kuno, m'mapiri a Ntchisi ndi Dowa, amakula mpaka kukwatira osapondako, ngakhale kuti tsiku lopanda nkhungu munthu akakwera phiri la Ntchisi amaiona nyanjayo ikuŵala cha kum'maŵa. Mwezi uno tifuna tikambirane za chimenechi, inu makolo anzathu.

Timitumbira ta ku Canada

Alendo oyenda ndi nyumba zaoŵa ali ndi malo ena amene amakonda kupitako, kutali ndithu ndi kuno, ndipo nkhani ya malowo ili ndi phunziro kwa ife. Kumpoto kwenikweni kwa chilumba cha Newfoundland, m'dziko la Canada, kuli kamudzi ka asodzi kotchedwa L'Anse aux Meadows. Ndi malo ozizira, amphepo yamkuntho. Pafupi ndi gombe panali timitumbira tomera udzu, ndipo anthu a pamudzipo ankati ndi msasa wakale wa eni nthaka oyamba a kumeneko. M'chaka cha 1960 kunafika munthu wa ku Norway, dzina lake Helge Ingstad, amene ankayenda mudzi ndi mudzi kufunsa ngati alipo anaonapo mabwinja. Mkulu wina wa pamudzipo, George Decker, anamtengera ku timitumbira tija. Kuyambira 1961 kufikira 1968 mkazi wa Ingstad, Anne Stine, amene anali katswiri wofukula zakale, anatsogolera ntchito yokumba pamalopo. Anapeza maziko a nyumba 8 zomangidwa ndi mitengo ndi zibuma za dothi laudzu, ng'anjo yosungunulira chitsulo, misomali ya ngalaŵa, kachitsulo komangira chofunda paphewa, ndiponso kamwala kopotera ulusi, kamene kasonyeza kuti pagululo panalinso amai.

Eni mabwinjawo anali Anorse, amene ena amawatcha Aviking, makolo a anthu a ku Norway, Denmark, Sweden ndi Iceland. M'chaka cha 2021 akatswiri anaŵerenga mizere ya zaka m'zidutswa za mitengo imene anthuwo anadula ndi chitsulo, napeza kuti inadulidwa m'chaka cha 1021. Ndiye kuti anaoloka nyanja yaikulu ija zaka 471 Columbus asanaoloke mu 1492. Sanakhalitsepo, patapita zaka zoŵerengeka anapakira katundu wao nabwerera. Mu 1978 bungwe la UNESCO linaika malowo pa mndandanda wa malo osungidwira anthu a dziko lonse lapansi.

Taonani zinthu ziŵiri. Choyamba, chuma chinali pakhomo pa asodzi aja zaka zambirimbiri, koma nkhani yake inali itatayika, kufikira anabwera mlendo ndi kalumo kakuthwa. Chachiŵiri, choona ndi maso pamalopo nchochepa: timitumbira, udzu, nyanja, ndi nyumba zina zimene anamanga pambali potsanzira zakalezo. Chimene chimakoka anthu kuyenda masiku ambiri ndi nkhani yake. Malo opanda wofotokoza ndi tchire chabe.

Tisaganize kuti Anorse anali amalinyero okhaokha. Ambiri a iwo anali achifwamba a panyanja, ogwira anthu ndi kuwagulitsa. Chilumba cha Iona, kumene Columba anafika mu 563 ndi kumene Uthenga unafalikira m'dziko la Scotland, anachithira nkhondo kangapo, ndipo mu 806 anaphapo anthu 68 a m'nyumba ya mapemphero. Mzinda wa Dublin anausandutsa msika wa akapolo. Koma cha m'ma 1000 dziko la Iceland linalandira Chikhristu, ndipo mu 1844 mdzukulu wa mtundu womwewo, Hans Schreuder wa ku Norway, anafika ku Natal kudzalalikira kwa Azulu. Anthu a kumeneko samabisa mbali yoŵaŵa ya mbiri yao. Amaiphunzitsa pamodzi ndi yokoma.

Linga la Jumbe

Ifenso tili nao malo otere, ndipo safuna pasipoti. Mudzi waukulu wa ku Nkhotakota akuluakulu amautcha Linga kufikira lero. Cha m'ma 1840 panafika Mswahili wina, Salim bin Abdullah, amene anakhala Jumbe woyamba. Anapempha malo kwa mafumu Achicheŵa a m'dera la Malengachanzi, nayamba malonda a minyanga ya njovu ndi anthu. Pang'ono ndi pang'ono mlendo anakula mphamvu kuposa eni mudzi, pakuti anali ndi mfuti, onga ndi nsalu. Anamanga zombo za matanga zooloka nazo nyanja. Anthu ogwidwa kumtunda, omangidwa m'magoli, ankasungidwa pa Linga kufikira achuluke, kenaka ankawapanikiza m'zombomo kupita kutsidya la kum'maŵa. Kuchokera kumeneko unali ulendo wa pansi wa miyezi ingapo kukafika ku Kilwa, m'mbali mwa nyanja ya mchere. Ofooka panjira sankawadikira.

David Livingstone anafika m'derali mu 1861 pa ngalaŵa, nabweranso wapansi mu 1863, pamene anapeza amisiri akukhoma chombo choolotsera akapolo. Iye analemba kuti kazembe wa Britain ku Zanzibar, Rigby, anamuuza kuti akapolo 19,000 ochokera ku maiko ozungulira nyanja yathu ankadutsa pa nyumba ya msonkho ya ku Zanzibar chaka chilichonse. Chiŵerengero chimenecho nchaokhawo amene anafika amoyo. Anthu a ku Linga amasonyeza mkuyu waukulu pafupi ndi chipatala cha St Anne's, nati pansi pake mpamene Livingstone anakambirana ndi Jumbe ndi mafumu za kuleka malonda amenewo. Mau ake sanamveke tsiku limenelo. Msika wa akapolo wa ku Zanzibar unatsekedwa mu 1873, chaka chomwe Livingstone anamwalira kwa Chitambo, koma zombo za panyanja yathu zinaolokabe. Mu 1889 Harry Johnston anapangana ndi Jumbe wachitatu. Mu 1891 dziko linaloŵa m'manja mwa Angerezi. Ndipo pofika 1895 ufumu wa a Jumbe unali utatha, Jumbe wotsiriza atachotsedwa ndi kutumizidwa ku Zanzibar. Kumapeto kwa chaka chomwecho Mlozi anapachikidwa ku Karonga.

Funso limene ana athu ayenera kufunsa ndi ili: kodi anthu a m'magoliwo ankachokera kuti? Sanagwe kumwamba. Ankachokera m'midzi ya kumtunda, ndipo mapiri athu ano ali m'gulu la kumtundako. Anali ndi maina ndi ziŵongo zonga zathuzi: a Banda, a Phiri, a Mwale, a Mbeŵe. Ena anagwidwa akupita kudambo, ena pa nkhondo za Angoni, zimene akuluakulu amati zinkathaŵitsira anthu m'nkhalango ya phiri la Ntchisi. Ena anaperekedwa ndi abale ao omwe monga chikole pa mlandu kapena pa njala, osaomboledwanso. M'mabanja ambiri muno muli dzina la munthu amene agogo amangoti anapita ndi kunyanja, ndipo nkhani imathera pomwepo.

Tiwauze chiyani ana?

Apa mpamene makolo ena amazengereza. Amati kukumba zakale nkudzutsa chidani, makamaka popeza ku Linga kuli abale athu Achisilamu ambiri, amene timagula nao mpunga ndi usipa, amenenso ana ao amakhala pa benchi imodzi ndi ana athu. Nkhaŵa imeneyi siyopanda pake, ndipo tiyenera kuiyankha mosapsatira.

Chidani chimamera pa nkhani yonenedwa mbali imodzi. Mwana akangomva kuti kunabwera Aluya nadzagwira makolo athu, amakula akuloza chala mtundu wina ndi chipembedzo china. Koma nkhani yonse simalola munthu aliyense kudzitama. Jumbe sakadadzaza chombo popanda mafumu a kumtunda omgulitsa anthu. Panali Ayao ogula ndi kugulitsa, panali Angoni ofunkha midzi, panali Acheŵa opereka anansi ao chifukwa cha mkono wa nsalu. Kumwera, cha ku Zambezi, ogula akapolo ambiri anali anthu obatizidwa, omvera mfumu ya ku Portugal. Ndipo ife a lero ndife zidzukulu za onseŵa pamodzi, pakuti mitundu inakwatirana kalekale. Ambiri a Asilamu a ku Linga ndi Acheŵa anzathu, ndipo ena mwa iwo ndi zidzukulu za ogwidwa omwewo. Mpunga umene timaunyadira wa ku Nkhotakota unakula ndi a Jumbe omwe aja. Mwana amene wamva zonsezi sabwerako ndi mdani watsopano. Amabwerako atadziŵa chimene mtima wa munthu ungachite ukakonda chuma kuposa mnzake.

Phunziro limeneli silinakalambe. Masiku ano kulibe goli la mtengo, koma alipo anthu oyendayenda m'midzi kulonjeza atsikana ntchito zabwino kunja, alipo otenga anyamata ang'onoang'ono kukaŵeta ng'ombe kapena kukagwira ntchito m'minda ya fodya sukulu ili m'kati, ndipo alipo makolo olandira kangachepe navomera. Mwana amene anaimapo pagombe la Linga, namva kuti m'bale anagulitsapo m'bale chifukwa cha nsalu, sachedwa kuzindikira fungo la malonda otere akafika pakhomo.

Madzi omwewo

Nyanja imene inanyamula akapolo ndi yomwe inanyamulanso Uthenga. Pa 12 October 1875 sitima yaing'ono ya Ilala inaloŵa m'nyanja ya Malaŵi, itanyamulidwa zidutswazidutswa pamitu ya anthu kulambalala mathithi a Shire. Inali ndi amishoni a ku Scotland otsogozedwa ndi E. D. Young, pamodzi ndi Dr Robert Laws, ndipo anamanga ku Cape Maclear. Kumeneko kuli manda a antchito oyambawo kufikira lero. Pakati pao pali Dr William Black ndi Shadrach Ngunana, mlaliki wachikuda wochokera ku Lovedale ku South Africa, amene onse aŵiri anamwalira mu 1877. Zaka zoposa zisanu zinapita asanabatize munthu ndi mmodzi yemwe. Woyamba anali Albert Namalambe, mu March 1881, chaka chimene mishoni inasamukira ku Bandawe. Woŵerengera phindu monga wa sitolo akadati ntchitoyo yagwa.

Ku Bandawe komweko nkumene anafikira Mbusa A. C. Murray wa mpingo wa Dutch Reformed mu 1888. Chaka chotsatira anabwera mnzake, T. C. B. Vlok, ndipo pa 28 November 1889 aŵiriwo anakhoma hema wao pa Mvera, m'dziko la mfumu Chiwere, m'boma lathu lomwe lino la Dowa. Kongwe inatsegulidwa mu 1894, Nkhoma mu 1896, Chinthembwe kuno ku Ntchisi mu 1910, ndipo mu 1926 Nkhoma inaloŵa mu CCAP. Ku Linga nako abale athu a Anglican anayamba mishoni mu 1894. Bishopu wao Chauncy Maples anamira m'nyanja mu September 1895, patangopita miyezi yochepa chidzozedwere, ndipo manda ake ali m'tchalitchi cha All Saints, mtunda waufupi kuchokera pamene zombo za akapolo zinkakocheza. Mwana angathe kuona malo onse aŵiri m'maŵa umodzi, ndipo sadzasoŵa womasulira.

Ife amene timagwira choko m'sukulu za pulaimale timadziŵa kumene mbiri yoloŵeza pamtima imathera. Mwana amasunga zaka ndi maina kufikira tsiku la mayeso a Sitandade 8, akatuluka m'chipinda cholembera zonse zimatsalira pakhomo. Koma mwana amene anayesa kukumbatira tsinde la mkuyu uja pamodzi ndi anzake, manja osakumana, sadzaiŵala. M'buku la Yoswa, mutu 4, timaŵerenga za miyala 12 imene Aisrayeli anatola m'mtsinje wa Yordano naiimika pa Giligala. Cholinga chake chinali chakuti ana am'tsogolo adzaone nadzafunse, ndipo makolo adzayankhe. Miyalayo payokha sinkalankhula. Inkafuna mwana wofika pamalopo ndi kholo lodziŵa yankho. Chikasoŵa chimodzi mwa ziŵirizi, imasanduka miyala wamba yoti munthu nkumangira khola.

Ulendo wake

Wina adzati, ife tilibe nyumba zoyenda. Nzoona, koma sitizifunanso. Mlendo uja amanyamula bedi ndi mbaula chifukwa alibe mbale m'dziko lino. Ife tili ndi mipingo inzathu m'mbali monse mwa nyanja. Mutu umodzi susenza denga: banja limodzi lingalephere, koma mabanja a mlaga umodzi, kapena aphunzitsi a Sande sukulu pamodzi ndi amai a Chigwirizano, angathe kusonkherana za minibasi. Nthaŵi yabwino ndi tchuthi chachikulu, mbeu zitaloŵa m'nkhokwe, soya ndi mtedza zitagulitsidwa, kutentha kwa kunyanja kusanafike poipa.

Nkhaniyi iyambe yafika ku bwalo la mpingo, ndipo abusa alembere kalata abusa anzao a ku Nkhotakota kupempha pogona ndi munthu wodziŵa malo woti atsogolere gulu. Ufa, nyemba, mphasa, zofunda ndi maneti a udzudzu tinyamule tokha, kuti tisalemetse otilandira. Malungo a kunyanja sachitira chisoni mwana wa kumapiri. Ochokera ku Ntchisi adzadzera ku Malomo ndi kutsika kupyola m'nkhalango ya zinyama ya Nkhotakota, kumene mu 2016 ndi 2017 anasamutsirako njovu pafupifupi 500 kuchokera ku Liwonde ndi ku Majete. Aphunzitsi asaphonye mwai umenewu: minyanga ya makolo a njovu zotere ndiyo inkasenzedwa ndi akapolo pa ulendo wa ku Kilwa. Ochokera ku Dowa angadzere ku Mvera, naima pamenepo kuona pamene mpingo wathu unayambira, asanatsikire ku Salima ndi kukhotera kumpoto.

Tisananyamuke, mwana aliyense akhale pansi ndi agogo ake, kope ndi pensulo m'manja, afunse zimene iwo anamva kwa makolo ao za nthaŵi ya nkhondo ndi ya magoli: mudzi unali pati, anthu ankabisala kuti, ndani anatengedwa. Mau a akuluakulu amakoma akagonera, koma amafuna wowasunga. Agogo amene ali moyo lero anamva nkhanizi kwa anthu amene makolo ao anaziona ndi maso, ndipo maliro aliwonse a nkhalamba amatseka khomo limodzi limene silidzatsegukanso.

Tikafika, tiyambe tapereka moni kwa eni malo. Pa mzikiti wakale tiime mwaulemu ndi kupempha chilolezo, monga momwe ifenso timafunira kuti alendo alemekeze nyumba zathu zopemphereramo. Ana asaleme maina ao pa makungwa a mkuyu, asatole kanthu pamanda kapena pa mabwinja, pakuti malo otere ngotetezedwa ndi lamulo, ndipo akudza m'mbuyo mwathu afunanso kudzaona. Kunyanja asaloŵe m'madzi popanda wamkulu wa komweko, chifukwa cha mwera, ng'ona ndi likodzo. Ndipo pagombepo pakhale kanthaŵi kachete. Wamkulu mmodzi aloze kutsidya, afotokoze mwachidule, kenaka gulu lipemphere: kukumbukira otengedwa amene maina ao adziŵa ndi Mulungu yekha, kupempha chikhululukiro cha machimo a mtundu wathu wonse, ndi kuyamika chifukwa cha iwo amene anabwera ndi Uthenga pa madzi omwewo. Zikatha izi ana adye chambo chao mokondwa. Ulendo wa ana usasanduke maliro.

Kumene ndalama za minibasi sizingapezeke chaka chino, tiyambire pafupi. Mvera, Kongwe ndi Chinthembwe zili pakhomo pathu, ndipo pafupifupi mudzi uliwonse uli ndi bwinja lake, phanga lobisalamo kapena mtengo umene panayambira sukulu yoyamba. Loŵeruka limodzi, kamba wa chinangwa ndi nthochi, ndi nkhalamba imodzi yolankhula bwino, nzokwanira.

Asodzi a ku Newfoundland anachita mwai, pakuti misomali ndi makala zinawadikira m'nthaka zaka pafupifupi 1,000 kufikira anabwera wozifukula. Mbiri yathu yambiri siili m'nthaka; ili m'kamwa mwa anthu ndi m'mitengo imene ikukalamba, ndipo siingadikire motero. Tikupempha akulu a mpingo anzathu kuti nkhani ya ulendowu iloŵe pa mndandanda wa zokambirana pa msonkhano wa mwezi uno, ndipo mipingo imene idzapite itilembere zimene ana anafunsa ali kumeneko. Mafunso amenewo tidzawayankhira pamodzi pa tsamba lomwe lino. Ambuye akhale ndi mabanja anu onse.